Nsomba zimafa m'bandakucha, ife tikuyeza madzi masana: lipoti la mtsinje wina wa mumzinda

Ndakhala ndikuzengereza kulemba nkhaniyi koma anzanga apantchito andiumiriza, akuti ilembedwe yonse mmene inayendera kuti amene akuyamba kumene ntchito yoyeza madzi asadzagwe m'mbuna yomwe ndinagwamo ine. Ntchito yanga ndi yoyeza madzi a m'mitsinje ndi kulondola komwe zonyansa zikuchokera. Mtsinje womwe ndikunena pano umayambira kumtunda komwe nyumba ndi zapatalipatali, kenako umalowa m'malokeshoni othithikana, n'kudutsa kuseri kwa mafakitale, n'kukatulukira kumunsi komwe anthu ali ndi madimba m'mbali monse. Maina a fakitale ndi maofesi ndawasiya dala.

Dandaulo linabwera chakumapeto kwa chilimwe, madzi atachepa mpaka miyala kuonekera. Panali zinthu zitatu. Fungo, lomwe anthu analizolowera kale koma tsopano linafika poti sangadyere panja. Ana otsegula m'mimba omwe anachuluka pakiliniki yapafupi. Ndiye nsomba, zomwe zimapezeka m'mawa zitayandama chagada padziwe la pansi pa mlatho, osati tsiku lililonse ayi, mwina kawiri pasabata kenako ziii kwa masiku angapo. Aliyense, kuyambira anthu okhala konko mpaka mabwana anga, anali atagamula kale mlandu: ndi suweji basi.

Tsiku loyamba tinangoyenda wapansi m'mbali mwa mtsinje, ine ndi mnyamata amene ndimagwira naye, magambutsi kumiyendo, osatenga sampulo iliyonse. Izi ndimalimbikitsa aliyense, yamba wayenda kaye usanatsegule botolo, chifukwa mtsinje umadzifotokoza wokha ukautembenuzira miyala. Kumtunda ukanyamula mwala umapeza kunsi kwake tizilombo tating'ono taphanthiphanthi tamichira itatu tikuthawa, timeneti ndi tiana ta mayfly ndipo sitikhala m'madzi opanda mpweya wokwanira, nde ukatiwona umadziwa kuti pano zinthu zikadali bwino. Titangodutsa lokeshoni yoyamba tonse tinasowa. M'malo mwake miyala inakutidwa ndi zinthu zotuwa zangati thonje lonyowa, zikugwedezeka ndi madzi ngati ndevu. Ambiri amaziyesa ndere koma ndi mabakiteriya olukanalukana amene amanenepa pomwe pali suweji yosayeretsedwa. M'matope munali tinyongolotsi tofiira piriwiri, ndipo ukaponda matopewo amatulutsa thovu ndi fungo la dzira lowola, kunsi kwake akuda bii.

Gwero lake silinavute kupeza. Paipi yaikulu ya suweji imayenda motsata mtsinje, monga zimakhalira pafupifupi m'mizinda yonse chifukwa suweji imayenda yokha motsetsereka ndipo malo otsika kwambiri ndi kumtsinje komweko. Manhole imodzi inalibe chivindikiro, chachitsulo chija anaba kalekale, ndipo madzi otuwa amabwatamuka pamwamba pake ngati kasupe n'kutsikira mumtsinje. Udzu wa pamenepo unali wobiriwira mochititsa kaso pakati pa chilimwe, ndipo kanjira ka madziwo kanali katakumbika mozama mpaka m'mawondo, ndekuti sizinayambe dzulo kapena mwezi watha. Titasuzumira tinaona zomwe zatseka: matewera, nsanza, majumbo, mchenga, ndi mafuta ophikira oundana ngati sopo atamata zonsezo pamodzi. Chakumunsi kuli pampu yokankha suweji kupita kumadamu oyeretsera, magetsi akazima pampuyo imaima, ndipo paipi yake yotayira zikasefukira inaloza mumtsinje momwemo. Jenereta inalipo koma batire anachotsa.

Tinasankha malo asanu otengapo masampulo, kumtunda koyera, kunsi kwa manhole ija, kuseri kwa mafakitale, padziwe la pamlatho, ndi kumadimba. Tinkafika cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa, chifukwa galimoto imapezeka nthawi imeneyo komanso masampulo a mabakiteriya amafunika alowe mulabu pasanathe maola 6 ali m'bokosi la ayisi. Nthawi imeneyi muyisunge m'mutu.

Zotsatira zinagwirizana ndi zomwe maso anaona. Kwa amene sali pantchitoyi ndifotokoze pang'ono. BOD ndi muyeso wa mpweya wa okosijeni umene mabakiteriya amadya pogaya zonyansa za m'madzi, timatsekera sampulo mumdima masiku 5 pa madigiri 20 n'kuona wachepa bwanji. Mtsinje woyera BOD yake imakhala cha m'ma 1 kapena 2 mg/L (mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi), suweji yochokera m'nyumba imakhala cha m'ma 200 mpaka 400. Tsono madzi sasunga okosijeni wambiri ayi, pa madigiri 20 amatha kusunga pafupifupi 9 mg/L basi, kukatentha n'kucheperanso. Nde taganizani mabakiteriya akufuna mazana pamene madzi ali ndi 9 yekha. Nsomba zambiri zimayamba kuvutika okosijeni akatsika pansi pa 4 kapena 5, akafika pansi pa 2 zimafa kapena kuthawa. Kunsi kwa manhole BOD yathu inali kufupi ndi ya suweji yeniyeni kusiyana ndi ya mtsinje, okosijeni anapitiriza kutsika mpaka kukafika potsikitsitsa chapatali ndithu kumunsi, osati pomwe suweji ikulowera. Izi ndi zomwe Streeter ndi Phelps anafotokoza mu 1925 atafufuza mtsinje wa Ohio, kuti mabakiteriya amafuna nthawi kuti adye, nde poipitsitsa pamakhala kumunsi komwe madzi afika patapita maola. E. coli, bakiteriya wa m'matumbo amene timagwiritsa ntchito ngati mboni yoti m'madzi mwalowa chimbudzi, anachuluka mpaka mbale zoyamba sizinawerengeke, tinachita kusungunula sampulo kangapo. M'madzi akumwa bungwe la WHO limati asapezeke ngakhale mmodzi mu 100 ml.

Pali chinanso chomwe anthu saganizira. Malire akale aja a madzi otuluka pamalo oyeretsera suweji, BOD 20 ndi zolimba zoyandama 30 mg/L, anachokera ku komishoni ya ku Britain mu 1912, ndipo anawaika poganiza kuti mtsinje wolandira udzasungunula madziwo ndi madzi oyera ochuluka kasanu ndi katatu. Mtsinje wa mumzinda nthawi yachilimwe ulibe madzi amenewo. Wathuwu, kunena zoona, gawo lalikulu la zomwe zimayenda mmenemo mwezi umenewo zinali zochokera m'mapaipi a anthu.

Ndinalemba lipoti loyamba, ndinati vuto ndi suweji, tsegulani paipi, konzani pampu, anthu aziwiritsa madzi kapena kuthira klorini. Zonsezi zinali zoona. Koma lipotilo linali loperewera ndipo ndinatsala pang'ono kulisainira.

Chinandiletsa ndi milamba. Pakati pa nsomba zakufa zija panali milamba ikuluikulu, ndipo aliyense wodziwa mlamba akudziwa kuti umapuma mpweya wa pamwamba, umakhala m'matope momwe nsomba ina singathe ola limodzi. Suweji ija inakhala ikulowa kwa miyezi, milamba ili momwemo ikunenepa. Nde chinasintha n'chiyani kuti milambayo izifa usiku umodzi, kenako masiku atatu osafa, kenako n'kufanso? Suweji siyenda chonchi, imakwera m'mawa anthu akamasamba n'kutsika usiku, tsiku ndi tsiku mofanana. Ndinazitsegula zopumira za nsomba zingapo, zinali zoyererako, zamamina ambiri, zina zoperepeseka m'mphepete ngati zapsa.

Yankho linachokera kwa mayi wina amene amachapa zovala za anthu pamiyala ya pafupi ndi mlatho. Anakhala akutiona masiku onsewo ndi mabotolo athu, tsiku lina anangoti, "Bambo, inu mumabwera dzuwa litakwera, madzi oipawo atapita kale. Mudzabwere tambala asanalire mudzaone." Ndinawafunsa kuti amayi, oipa bwanji, onsewa si oipa? Anati ayi, awa ndi onunkha chabe tinawazolowera, enawo amaterera m'manja ngati mwathiridwa sopo wambiri koma osachita thovu, ndipo amawotcha. Anandionetsa manja. Khungu la pakati pa zala linali losupuka, loyera, m'mphepete mwa zikhadabo muli ting'alu tofiira. Anati masiku amenewo amadikira mpaka dzuwa lituluke ndiye n'kuyamba kuchapa. Mtima unandipweteka, chifukwa mayiwa anali ndi zotsatira za miyezi yambiri m'manja mwawo ndipo palibe mmodzi wa ife amene anawafunsa. Madzi oterera chonchija ndi madzi a alikali wamphamvu, amasungunula mafuta a pakhungu, ndiye kuterera kuja ndi khungu lako lomwe likudyeka.

Kupempha galimoto ya usiku inali nkhondo ina payokha, koma inapezeka. Tinakhala pamlatho kuyambira cha m'ma 1 koloko usiku, tochi, mita ya pH yomwe imaonetsa ngati madzi ali a asidi (pansi pa 7) kapena a alikali (pamwamba pa 7), mita ya conductivity yomwe imaonetsa kuchuluka kwa mchere wosungunuka, ndi mabotolo ambiri, tikuyeza mphindi 30 zilizonse. Usiku woyamba palibe chinachitika. Wachiwiri chimodzimodzi, ndipo mnyamata wanga anayamba kundiyang'ana mokayika. Usiku wachitatu cha m'ma 3 tinamva kaye phokoso, ngalande ya madzi a mvula yomwe imatulukira chakumtunda kwa mlatho, youma gwa masana onse, inayamba kuthira madzi ngati kwagwa mvula pamene kunali kusanagwe dontho kwa miyezi. Pa tochi madziwo anali otuwa ngati mkaka wothira phulusa, ofunda, muli timaubweya ndi tizidutswa ta mnofu, kenako patapita kanthawi anasintha n'kukhala obiriwira mopita kubuluu. Mita ya pH, yomwe masana onse imangokhala cha pa 7, inakwera kudutsa 9 padziwe paja, conductivity nayo inalumpha. Nsomba zinayamba kubwera pamwamba, kuzungulirazungulira. Pofika 6 ngalande inali itasiya, ndipo pofika 10, nthawi yathu ija, mita inali itabwerera pafupi ndi pakale ngati palibe chachitika.

Apa ndi pomwe pali phunziro lenileni la nkhaniyi kwa anzanga, nde ndichedwepo. Suweji imabweretsa amoniya wambiri, wochokera mumkodzo makamaka. M'madzi amoniya amakhala m'mitundu iwiri, wina womangika amene savulaza nsomba kwambiri, wina womasuka amene amalowa m'zopumira mosavuta n'kupha, ndipo chomwe chimagawa ndi pH ndi kutentha. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7 womasukayo safika ngakhale 1 pa 100 aliwonse. Pa pH 8 amakhala cha pa 5. Pa pH 9 amapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndekuti amoniya yemweyo amene milamba imakhala naye mwamtendere masana, madzi a alikali aja, omwe anali a laimu, akangofika n'kukweza pH amasanduka poizoni mu mphindi zochepa. Onjezani sulfide, mankhwala ena amene amabwera ndi madzi omwewo, amene amadya kaokosijeni kotsalako, ndipo pH ikamatsika posakanikirana ndi madzi ena amasanduka hydrogen sulfide yemwe ndi poizoni winanso. Onjezaninso kuti m'bandakucha ndi pomwe okosijeni amakhala wochepetsetsa mumtsinje uliwonse chifukwa ndere usiku sizipanga mpweya, zimangodya. Suweji payokha sinaphe milamba. Mwinanso madzi a fakitale paokha, mumtsinje wodzaza ndi woyera, akanasungunuka osapha zambiri chonchi. Zinapha ndi ziwirizi zitakumana pa ola loipitsitsa.

Ubweya, laimu, sulfide, ndi mtundu wabuluu uja zinaloza kumodzi, kufakitale yofufuta zikopa. Pochotsa ubweya amaviika zikopa m'laimu ndi sodium sulfide, madzi ake pH imafika cha pa 12, kenako pofufuta amagwiritsa ntchito mchere wa chromium, n'chifukwa chake chikopa cha pa siteji imeneyo chimaoneka chabuluu. Koma kuloza ndi chala si umboni. Tinalondola ngalande chobwerera, kutsegula chivindikiro chilichonse n'kuona mbali yomwe ili yonyowa ndi yomata zoyera. Pano ndichenjeze ndi mtima wonse, musalowe mu manhole, musazolikemo mutu. Hydrogen sulfide ndi wolemera kuposa mpweya wamba nde amakhazikika pansi, akachepa amanunkha dzira lowola koma akafika cha m'ma 100 ppm (magawo 100 pa miliyoni a mpweya) mphuno imasiya kumva, munthu n'kumaganiza kuti fungo latha pamene ndi pomwe zafika poopsa, ndipo kawirikawiri amafa awiri, wolowa ndi wobwera kudzamupulumutsa. Ife timatsitsa mita ya gasi pachingwe ndi botolo pandodo, basi. Titafika pampanda wa fakitale tinalowa ndi chilolezo pamodzi ndi ainisipekita, tinathira utoto wa fluorescein m'thanki yawo yosonkhanitsira madzi oipa, ndipo titatsegula vavu ina yakuseri, yobisika ndi udzu, utoto wobiriwira uja unakatulukira pamlatho aliyense akuona.

Malo oyeretsera madzi afakitalewo anali nawo, pamapepala zonse zili bwino. Koma makina opopera mpweya anali ozimitsa pofuna kupulumutsa magetsi, ndipo matope m'thanki anadzaza mpaka theka. Chinandidabwitsa ndi mbiri yake. Kale ankathira mupaipi ya suweji, oyang'anira madamu anadandaula kuti madzi awo akupha mabakiteriya ndi ndere zomwe zimayeretsa suweji, madamu akumasanduka ofiirira n'kumanunkha, nde anawaletsa. Palibe anafunsa kuti nanga tsopano azithira kuti. Mnyamata wa shifiti ya usiku ananditengera pambali n'kuti, "Achimwene, ine ndimangouzidwa kuti thanki ikadzaza tsegula, ndikakana mawa pabwera wina." Analibe magolovesi, manja ake anali ngati a mayi aja. M'lipoti ndinalemba momveka kuti chisankho sichinali chake.

Za chromium ndinene mosamala chifukwa anthu amasokoneza. Wofufutira zikopa ndi chromium III, amene ndi wochepa ukali. Woopsa kwambiri, woyambitsa khansa, ndi chromium VI, amene amapezeka kwambiri kumafakitale okutira zitsulo, ndipo amafuna sampulo yakeyake. Chromium III akakumana ndi madzi a alikali amaundana n'kumira, n'chifukwa chake masampulo athu a madzi a masana, ngakhale tinawasunga bwino ndi nitric acid mpaka pH kutsika pansi pa 2, sanaonetse zambiri. Anali m'matope. Titatenga matope a padziwe paja ndi kuyerekeza ndi a kumtunda kusiyana kwake kunali koonekeratu. Matope omwewo anatiululiranso china chomwe sitimachifuna n'komwe, mtovu, ndipo sunali wa fakitale ya zikopa ayi. Chakumtunda pang'ono kuli anyamata ophwanya mabatire akale a galimoto, asidi amakhuthulira pansi, mbale za mtovu amasungunula pamoto pomwepo m'mphepete mwa madzi, ana akusewera chapafupi. Malire a WHO m'madzi akumwa ndi 0.05 mg/L pa chromium ndi 0.01 mg/L pa mtovu, ndipo pa mtovu palibe mlingo umene umadziwika kuti ndi wabwinobwino kwa mwana, umawononga ubongo mwakachetechete osatsegula m'mimba, osatentha thupi.

Ndiye uphungu wanga uja woti anthu aziwiritsa madzi ndinachita kuubweza n'kuulembanso. Kuwiritsa kumapha tizilombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi, zoona, koma mtovu ndi chromium sizipsa, madzi akamaphwera pamoto zimangotsala mmenemo. Chimodzimodzi naitireti, mchere wochokera m'zonyansa za m'zimbudzi, yemwe tinamupeza wokwera m'zitsime zosaya za m'mbali mwa mtsinje zomwe zazunguliridwa ndi zimbudzi zokumba. Malire ake ndi 50 mg/L, ndipo anaikidwa makamaka chifukwa cha makanda omwetsedwa mkaka wosungunula ndi madzi otere, magazi awo amalephera kunyamula okosijeni mwana n'kumaoneka wabuluu milomo. Klorini nayenso m'madzi odzaza zonyansa amadyedwa asanagwire ntchito, amafunika atsaleko cha pa 0.5 mg/L patatha mphindi 30, ndipo m'madzi a mumtsinjewu samatsala. Uthenga womwe tinapita nawo kukiliniki ndi kwa atsogoleri a m'deralo unali woti madzi a mumtsinje ndi a zitsime zoyandikana nawo asamwedwe kapena kuphikira ngakhale owiritsa, a pampopi kapena a pamjigo woyezedwa ndi omwe aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Kunena n'kosavuta. Mayi wina anandifunsa pamsonkhano kuti nanga pampopi pakauma masiku atatu tizimwa chiyani bambo, ndipo funso limenelo ndinalilemba m'lipoti mmene analifunsira, ndi pempho la thanki ya madzi yoyendayenda.

Kumadimba nkhani ndi yovuta kwambiri ndipo sindigwirizana ndi anzanga amene amangoti atsekedwe. Alimiwo amadziwa kuti madziwo ndi a suweji, ena amawakonda kumene chifukwa ali ndi manyowa ndipo saphwa chilimwe. Malangizo a WHO a 1989 pa madzi othirira mbewu zodyedwa zosaphika ankati ma faecal coliform, mabakiteriya a m'chimbudzi, asapitirire 1000 mu 100 ml, ndipo mazira a njoka za m'mimba asapitirire limodzi pa lita. Madzi athuwa anali kutali nazo. Koma a 2006 anasintha kaganizidwe, anati tchinga paliponse pomwe ungathe, ndipo ndi zomwe tinatsata: kukumba kadziwe pambali kuti madzi akhazikike kaye mazira amire, kuthirira pansi osati pamasamba, kusiya kuthirira masiku angapo usanakolole, kuvala nsapato m'dimba, kutsuka ndi kuphika. Chomwe tinaletseratu ndi kutapa matope a mumtsinje n'kuthira m'mabedi ngati manyowa, chifukwa ndi momwe muli zitsulo zija, komanso kupopa madzi m'bandakucha, yomwe inali nthawi yomwe ambiri amakonda kuthirira.

Zomwe zinachitika pambuyo pake ndidutsemo mwachangu. Paipi ya suweji inatsegulidwa ndi galimoto yopopa ndi madzi amphamvu, anaika zivindikiro zakonkire zomwe akuba alibe nazo ntchito, jenereta inapeza batire. Vavu ija inadulidwa n'kumatidwa ndi simenti ife tikuona. Fakitale inalipira chindapusa, chomwe m'maso mwanga chinali chochepa kuyerekeza ndi magetsi omwe anapulumutsa, ndipo bola zikakhala choncho kuthira mumtsinje kumakhalabe kotchipa. Chomwe ndinalimbikira kwambiri ndi choti alekanitse madzi awo m'mizere iwiri. A chromium apite paokha, aundanitsidwe ndi magnesium oxide, matopewo asungunulidwenso ndi sulfuric acid n'kubwerera kukafufutira, apa fakitale imapindulanso chifukwa chromium ndi wogula. A laimu ndi sulfide apite paokha, apoperedwe mpweya ndi manganese sulfate pang'ono kuti sulfide athe mphamvu. Kusakaniza mizere iwiriyi mwachisawawa n'koopsa kwa antchito omwe, chifukwa madzi a chromium ndi a asidi ndipo amatulutsa gasi uja pompo.

Chinthu chimodzi chimandivutitsabe maganizo. Zonse zonunkha zinakonzedwa msanga, zosanunkha mpaka lero zikungoyenda m'maofesi, a zachilengedwe akuti ndi za khonsolo, a khonsolo akuti ndi za a zaumoyo. Si zachilendo. Ku London, John Snow anaonetsa mu 1854 kuti kolera ikuchokera pamjigo wa pa Broad Street koma akuluakulu sanakhutire, chomwe chinawadzutsa ndi fungo la mtsinje wa Thames m'chilimwe cha 1858 litalowa m'nyumba ya malamulo momwe, ndipo pasanathe milungu yambiri anavomereza ndalama zoti Joseph Bazalgette amange mapaipi akuluakulu a suweji. Mphuno imafulumizitsa anthu. Mtovu wa m'matope ulibe fungo, ndipo anyamata a mabatire aja akadali pomwepo, anangosunthira kuseri kwa mpanda.

Mvula yoyamba itagwa mtsinje unaipa kaye kwambiri kwa masiku awiri, monga zimakhalira, chifukwa imakokolola zonse zomwe zinaunjikana m'ngalande chilimwe chonse, kenako unayamba kuyera. Ndevu zotuwa zija zinachoka pamiyala, okosijeni padziwe anakwera kufika poti nsomba zing'onozing'ono zabwerera. E. coli anatsika koma akadali wokwera kwambiri moti sindingauze mwana kuti asambemo, zimbudzi za m'mphepete ndi mapaipi ang'onoang'ono a m'nyumba olozetsa mumtsinje akadalipo ambirimbiri. Tiana ta mayfly sitinabwerere kunsi kwa lokeshoni. Za matope tikukanganabe, ena akuti akumbidwe, ine ndikuopa kuti kukumba popanda malo abwino okatayako kungovundula zitsulozo n'kuzitumiza kumadimba, nde pakadali pano ndapempha kuti ayezedwe kaye kuzama kwake ndi kutalika kwa dera lomwe akhudza.

Pamlatho tinamangirira kamakina koyeza pH ndi conductivity mphindi 15 zilizonse usana ndi usiku, m'paipi yachitsulo yokhoma ndi loko, ndipo mayi ochapa aja ndi amene amatiyang'anira, ali ndi nambala yanga. Manja awo anapola. Sabata yatha anandiimbira m'mawa kwambiri kuti bambo, lero sakuterera koma asintha mtundu, akuoneka ofiirira ndipo akununkha ngati mafuta a galimoto. Nditatsitsa zomwe kamakina kanalemba ndinapeza conductivity inalumpha usiku wa Lamlungu, koma pH ulendo uno inatsika m'malo mokwera, ndekuti si azikopa aja, ndi asidi, ndipo akuchokera ngalande ina. Pali ngalande zitatu zomwe sitinazilondolebe mbali ya kumagalaja. Galimoto ya usiku ndapempha kale, tikuyamba ndi yapakati Lachinayi.